Madokotala amadziwa bwanji kuti cheza chagwera pa chotupa penipeni?

Bambo wa ku Mpondasi:
Akuluakulu, ndamva kuti ku Chiba, m'dziko la Japan, akhala akuwotcha khansa ndi tizidutswa ta kaboni kuyambira 1994, ndipo akuti timeneti sitipyola thupi lonse ngati ekisirei, koma timakaima pa chotupa. Popeza m'thupi simuoneka, amadziwa bwanji wodwala adakali chigonere kuti mlingo wakwana ndiponso kuti wagwera poyenera?

Mphunzitsi wa sayansi, Namwera:
Bambo, za mlingo sizivuta kwambiri. Pakamwa pa makinawo pali zoyezera zomwe zimawerenga tizidutswa tikamatuluka, ndipo mlingo ukakwana makina amadula okha. Chovuta ndi kuya kwake. Zili ngati mbedza m'madzi a Malombe: utali wa chingwe mukuudziwa, koma pomwe yatera simukupaona. Tizidutswati timakhuthula mphamvu yochuluka kumapeto kwa ulendo wake, pamalo otchedwa Bragg peak, choncho kuphonya ndi mamilimita ochepa chabe pa chotupa cha m'mutu kungawotche mtsempha wa diso n'kusiya mbali ya chotupacho. Kuyako amakuwerengera kuchokera pa sikani ya CT, koma wodwala akaonda kapena chotupa chikaphwa mkati mwa chithandizo, masamu aja amasokonekera.

Mayi wa ku Monkey Bay:
Ndiwonjezere pa zimene anena aphunzitsi. Ku GSI, malo a kafukufuku mumzinda wa Darmstadt ku Germany, komwe adayamba kuchiza odwala mu 1997, ankaika pafupi ndi wodwala kamera ya PET, yomwe imajambula cheza chochokera m'thupi, chifukwa tizidutswa ta kaboni timasiya m'njira yomwe tadutsa maatomu otulutsa cheza, otchedwa carbon-11 ndi oxygen-15. Vuto lake ndi kuchedwa, pakuti theka la carbon-11 limatha pakapita mphindi pafupifupi 20, ndipo magazi amakhala akukokolola zina n'kufafaniza chithunzi. Ine ndimaona kuti njira yoyandikira zomwe mukufunsa ndi ya prompt gamma, cheza chomwe chimatuluka m'thupi nthawi yomweyo tizidutswa tikawomba maatomu. Adaiyesa koyamba pa wodwala ku Dresden mu 2015, ngakhale kuti kumeneko ankagwiritsa ntchito tizidutswa tina totchedwa ma proton, osati kaboni. Komabe njira zonsezi zimaonetsa pomwe cheza chaima. Mlingo wa mkati umawerengeredwabe ndi kompyuta.

Bambo wa ku Mpondasi:
Zikomo mayi. Nanga kamerayo ikaona kuti aphonya, makina amaima okha?

Mayi wa ku Monkey Bay:
Pakadali pano ayi bambo, kumeneko ndi komwe ofufuza akulowera. Nthawi zambiri zotsatira amaziona gawo la tsikulo litatha, ndipo akapeza kusiyana amajambulanso CT n'kukonza dongosolo la masiku otsalawo.