Mwana wanga akufuna kumavala kilt tsiku lililonse, ngakhale kumudzi. Ndimulole?

Wosadzitchula dzina:
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mukulera ana kunja kuno, komanso kwa inu amene muli kumudzi.

Ndimakhala ku Paisley, pafupi ndi Glasgow, m'dziko la Scotland. Mnyamata wanga wachiwiri anabadwira konkuno ndipo ali ndi zaka 17. Pa phwando lotsanzikana kusukulu kwawo tinamubwerekera kushopu kilt, chovala cha amuna a ku Scotland chooneka ngati siketi yopindapinda, monga anachitira anzake ambiri. Kuyambira tsiku limenelo mtima wake wagwa pa chovalachi. Anasunga ndalama za kaganyu kake ka Loweruka n'kugula yakeyake yapakaunjika, yaubweya weniweni, yolemera moti ukainyamula dzanja limatopa. Pano akuvala popita kutauni, kutchalitchi, ngakhale pokagula buledi.

Eni akewo savala choncho. Kilt amaitulutsa pa ukwati, pa mwambo womaliza maphunziro, pa Burns Night (usiku wokumbukira mlakatuli wawo Robert Burns) pa 25 Januwale, pa Hogmanay (usiku wolowera chaka chatsopano), kapena timu ya mpira ya Scotland ikamasewera pabwalo la Hampden. Lachiwiri m'mawa m'basi simupezamo wovala kilt, kupatula mwana wangayu. Ambiri amangomwetulira n'kumufunsa kuti ukwati uli kuti. Koma tsiku lina bambo wina pasiteji ya basi anamufunsa kuti mtundu wake ndi uti kuti azivala nsalu imeneyo, ndipo mafunsidwe ake sanali achikondi. Mwanayu anafika pakhomo osalankhula, nsima anangoitola pang'ono, koma m'mawa mwake anavalanso kilt yomweyo.

Chachiwiri ndi ichi. Mu Disembala tikupita ku Ntcheu, ndipo iye akuti akufuna akalonjere agogo ake atavala kilt. Bambo ake akaniratu. Akuti mwana wawo sakaimirira pamaso pa amalume ake atavala siketi. M'nyumba muno anthu awiriwa akungodutsana.

Ine ndinene zoona, chovalachi chimamukhala. Mwana amene ndinkalimbana naye chifukwa chokhwefula buluku, lero amadzuka n'kuyala kilt pabedi, kuwongola mopindamo mmodzimmodzi, kukoka sokosi mpaka m'mawondo, n'kutuluka ataimirira mowongoka. Sindikufuna kumulanda chimenecho. Koma ndikuopa kuti anthu angamupweteke mtima, kuno kapena kwathu. Ndichite bwanji?

Bambo wa ku Leith:
Mayi, ndakhala ku Edinburgh nthawi yaitali, ndipo ndikuti musiyeni mwanayo avale. Bambo ake auzeni mwaulemu kuti chimenecho n'chovala cha amuna, ndipo kale chinali cha tsiku ndi tsiku. Anthu a kumapiri a Highlands ankaweta nacho ng'ombe ndi kumenya nacho nkhondo. Atagonja pa nkhondo ya Culloden mu 1746, boma la ku London linakhazikitsa lamulo loletsa amuna kuvala kilt, kupatula asilikali a mfumu. Wogwidwa koyamba ankamangidwa miyezi isanu ndi umodzi, kachiwiri ankamutumiza kutsidya kwa nyanja zaka zisanu ndi ziwiri. Lamulolo linachotsedwa mu 1782, koma anthu wamba anali atazolowera kale buluku. Kenako mu 1822 Mfumu George IV inabwera ku Edinburgh itavala kilt, ndipo olemera anayamba kuikonda ngati chovala cha pamwambo. N'chifukwa chake lero mumaiona pa ukwati, osati m'basi. Mtengo nawonso umaletsa anthu: yosokedwa pamanja imadya nsalu pafupifupi mayadi 8 ndipo imagulidwa mapaundi mazana angapo.

Za bambo wa pasiteji uja, palibe lamulo lonena kuti tartan (nsalu ya mizere yopingasana yosokera kilt) yakuti ndi ya anthu akuti okha. Ndi mwambo chabe, ndipo pali zina monga Black Watch zimene aliyense amavala. Chimodzi chokha mumuchenjeze: kampeni kaja kotchedwa sgian-dubh, kamene amatsomeka m'sokosi, asamayende nako m'tauni masiku wamba, ndipo asayerekeze kulowa nako mundege. Apolisi akaimitsa mnyamata wakuda ali ndi mpeni, nkhani ya mwambo adzaifotokozera kupolisi.

Naphiri, Lilongwe:
Asisi, za ku Scotland sindilowererako, koma za kuno ndikuchenjezeni. Kumudzi pakhomo pa agogo palibe vuto lalikulu, aseka tsiku loyamba basi. Choopsa ndi mumsika ndi m'madepoti. Kumbukirani Januwale 2012, mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, masanasana, anthu akuonerera. Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala buluku linali litatha kalekale nthawi imeneyo, koma m'mitu mwa anthu ena linali likadalipo. Ndiye mnyamata wovala chimene iwo achitche siketi, wolankhula Chichewa chopotoka, akadutse mumsika wa Lilongwe kapena pa Tsangano? Amuzungulira, amujambula, pofika madzulo ali pa Facebook ndi mawu onyoza amene inu simungafune kuwawerenga. Atsike ndege atavala buluku, kilt ikhale m'chikwama.

Mkulu wa mpingo wina:
Bambo a mwanayo akunena zoona. Mwana wa zaka 17 akadali pansi pa makolo, ndipo bambo akati ayi, mayi musamupatse mwana mphamvu yotsutsa. Ali ku Scotland avale za ku Scotland, akabwera kuno avale monga amuna a kuno. Walira mvula walira matope.

Mngoni wa kwa Gomani:
Akuluakulu, "monga amuna a kuno" ndiye kuti chiyani? Bwerani pa Umhlangano kuno ku Ntcheu mudzaone madoda akuvina ngoma atavala zikopa m'chiuno, miyendo ili pamtunda, palibe amene amawatcha akazi. Agogo athu aamuna ankamanga nsalu m'chiuno buluku lisanafale. Ku Mangochi amuna amapita ku mzikiti atavala mkanjo wofika m'mapazi. Buluku lenilenilo linabwera ndi azungu, ena mwa iwo a ku Scotland komweko amene anamanga mishoni ya Blantyre mu 1876.

Mayi, chitani chonchi. Tumizani chithunzi cha mwanayo kwa amalume ake pa WhatsApp ulendo usanafike, ali chivalire zonse, jekete ndi kachikwama kachikopa kapatsogolo kaja. Muwauze kuti ndi mmene amuna amavalira pa ulemu waukulu kumene iye anabadwira, ndipo akufuna kulemekeza nazo agogo ake. Amalume akavomera, bambo ake sadzakhalanso ndi pogwira, chifukwa manyazi amene akuopawo ndi a pamaso pa amalume omwewo. Koma mumuuze avale kabudula m'kati. Kwathu timakhala pamphasa ndi pa timipando tatifupi, ndipo pali apongozi ndi alongo. Komanso Disembala ndi mvula, matope ofiira ndi udzudzu madzulo. Ubweya wolemerawo auvula yekha tsiku lachiwiri.

Chisomo wa ku Dundee:
Anti, ine ndinakulira kuno, ndiye ndilankhuleko m'malo mwa mnyamatayo. Ife ana obadwira kunja timafunsidwa kawiri. Kuno amati kwanu kwenikweni n'kuti, tikapita ku Malawi amatitcha azungu. Mwina iye wapeza chinthu chimene akachivala amamva kuti dziko lino ndi lakenso, n'chifukwa chake anavalanso m'mawa mwake atanyozedwa. Mukamuletsa ndi mawu akuti "siketi", adzamva kuti bambo ake ali mbali imodzi ndi munthu wa pasiteji uja. Za chitetezo mumsika muuzeni mosabisa, amva. Koma amufotokozere ndi bambo akewo, osati inu nokha.

Wosadzitchula dzina:
Zikomo nonse. A Naphiri, za mumsika ndamva ndipo pamenepo sindinyengerera, adzavala buluku panjira yonse. A mkulu a mpingo, sindikufuna kulimbanitsa mwana ndi bambo ake, n'chifukwa chake ndabwera kudzafunsa m'malo mongomulola mwakachetechete. Chithunzi nditumiza kwa achimwene anga usiku uno. Chisomo mwanawe, mawu akowo andikhudza, ndipo ndikufuna bambo ake awawerenge okha.

Funso latsala ndi la azibambo a pagulu pano. Mwamuna wanga ndi munthu woti ukamubweretsera nkhani pamaso pa ana amaumirira kwambiri. Kodi ndiyambe ndalankhula naye ndekha, kapena ndidikire kaye yankho la achimwene kuti amuimbire foni iwowo ngati amuna okhaokha?