Thandizeni: ndikufuna kuchotsa WordPress n'kuiikanso, koma ndikuopa kutaya zithunzi za alimi

Wofunsa (Kasungu):
Moni akuluakulu. Ndimathandiza pa kalabu ya alimi a soya ndi mtedza kuno kwa Santhe. Webusaiti yathu anatipangira mnyamata wina mu 2020 pa WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti), koma anapita ku Joni ndipo nambala yake siikupezekanso. Chiyambire sabata yatha, munthu akatsegula webusaitiyi pa foni ikumamupititsa kutsamba la kubetcha mpira. Pa kompyuta ikutseguka bwinobwino, n'chifukwa chake ndinachedwa kudziwa. Anandiuza ndi wogula wina wa ku Lilongwe, ndipo zandiwawa chifukwa ino ndi nyengo yogulitsa, anthu akufuna kuona mitengo yathu.

Mu cPanel (tsamba loyendetsera webusaiti ku kampani yomwe imatisungira) ndaona kuti Softaculous, pulogalamu yoikira WordPress, ili ndi pochotsera WordPress yonse. Maganizo anga ndi oti ndichotse n'kuika yatsopano. Chikundiopsa n'chakuti muli zithunzi za alimi athu kuyambira chaka chimenecho, ena mwa iwo anatisiya, ndipo sitinazisunge kwina. Ndikachotsa zipita nazo? Ndiyambire pati?

Yankho 1:
Achimwene, musadine kaye pochotserapo. Softaculous imafunsa ngati ichotse foda, database ndi database user, ndiye mukangovomera zonse ndiye kuti zapita. Nkhani zomwe munalemba, masamba ndi maakaunti a olowa zimakhala mu database. Zithunzi zili mu wp-content/uploads. Mu cPanel lowani phpMyAdmin (potsegulira database), sankhani database yanu, dinani Export musunge fayilo ya .sql. Mukatero pitani ku File Manager mutsitse wp-content ndi wp-config.php. Sungani pawiri, pa flash ndi pa Google Drive.

Wofunsa:
Zikomo bambo. Koma wp-content ndi yaikulu, ndipo netiweki kuno imaduladula. Ndayesa kawiri, ikufera panjira.

Yankho 1:
Musatsitse pakamodzi. Mu uploads zithunzi zimakhala m'mafoda a zaka, 2020, 2021, choncho. Pangani zip chaka chilichonse pachokha, muzitsitsa chimodzichimodzi. Mukatsitsa tsegulani zip-yo muone ndi maso kuti zithunzi zilimodi.

Yankho 2:
Bwanji osangopita pa Dashboard, Updates, n'kudina Re-install? Sizichotsa nkhani kapena zithunzi.

Yankho 3:
Zoona sizichotsa, koma pa vuto ili sizikwanira. Re-install imangolembanso mafayilo a WordPress yeniyeniyo, siichotsa zomwe mbava zabisa kwina. Mukamaliza kusunga zonse, tengani WordPress yatsopano pa wordpress.org. Chotsani wp-admin ndi wp-includes zakale muike zatsopano, pamodzi ndi mafayilo omwe ali kunja kwa mafodawa ngati index.php. Siyani wp-content ndi wp-config.php, koma config-yo muitsegule muone ngati simunalowe zachilendo. Popeza zikuchitika pa foni pokha, onaninso .htaccess (fayilo youza webusaiti kopititsa alendo), kawirikawiri mbava zimabisa mmenemo. Mukapeza fayilo ya .php yachilendo pakati pa zithunzi mu uploads, ichotseni. Funso langa: theme yanuyo (yomwe imapatsa webusaiti maonekedwe) munaitenga kuti?

Wofunsa:
Mnyamata uja anati ndi yogulitsa koma iye anaipeza yaulere.

Yankho 3:
Mwina khomo lake ndi limenelo. Ma theme ndi ma plugin (timapulogalamu toonjezera) obedwa nthawi zambiri amabwera ali ndi zobisika kale, komanso salandira update. Ichotseni, muyambe mwaika yaulere yovomerezeka ngati Twenty Twenty-Four. Ma plugin nawonso chotsani muike atsopano. Pa Users onani ngati pali admin amene simukumudziwa. Sinthani password ya WordPress, ya cPanel ndi ya database, yomalizayi muilembenso mu wp-config.php apo ayi webusaiti sitseguka. Pomaliza pitani pa Settings, Permalinks, dinani Save kuti .htaccess ilembedwenso.

Yankho 4:
Nditumizireni password ku inbox ndikukonzereni lero lomwe, mtengo tikambirana.

Yankho 1:
Achimwene a kwa Santhe, musapereke password kwa munthu amene simukumudziwa. Zikakukanikani lemberani kampani yomwe imakusungirani webusaiti, muwafunsenso ngati ali ndi backup ya masiku vutoli lisanayambe.

Wofunsa:
Ndathokoza nonse, mtima wakhalako pansi. Fayilo ya .sql ndasunga, zithunzi za 2020 ndi 2021 zatsika ndipo ndaziona. Pa Users ndapezadi admin wachilendo. Pomuchotsa ikundifunsa zochita ndi nkhani zake, ndisankhe chiyani?

Yankho 3:
Sankhani yoti nkhanizo zipite ku akaunti yanu, kenako muziwerenge, zabodza muchotse nokha.