Outlook yakana kufufuta ma email pa kompyuta ya pa reception

Chifundo, Senga Bay:
Akuluakulu thandizeni msanga, ndili pa loji ina kuno ku Senga Bay ndipo mutu waima. Kompyuta ya pa reception, Outlook 2016, akaunti ya IMAP (imene ma email ake amakhala pa server) ya pa domain yawo. Ma email atsopano akulowa mwa apo ndi apo, koma kufufuta ndiye yakaniratu. Ndikadina Delete imazungulira kaye, kenako email ija n'kubwerera pomwe inali, nthawi zina n'kutulutsa error. Safe mode ndayesa, ma add-in ndathimitsa, palibe chasintha. A manijala akufuna inbox iyere lero chifukwa ma booking akusokonekera ndi spam. Ndiyambire pati?

A Phiri, Nkhotakota:
Chotsani Outlook imeneyo muike Thunderbird. Ndi yaulere ndipo ilibe zovuta zimenezi.

Madalitso, Dwangwa:
Achimwene, musanakhudze kalikonse lowani pa webmail (email ya pa browser) muone quota, malo amene mailbox inapatsidwa pa server. Pa IMAP mukadina Delete email sitayika, imasamukira ku Trash, ndipo nthawi zambiri imayamba yakopedwa ku Trash isanachoke mu inbox. Mailbox ikadzadza kopiyo imasowa pokhala, ndiye email imabwerera. Mwanena kuti atsopano akulowa movuta, ine ndikukayikira pamenepo. Onaninso mu account settings ngati wina sanachonge Mark items for deletion. Zikatero email imangolembedwa mzere pakati, imadikira purge, yomwe imaichotseratu.

Chifundo, Senga Bay:
Mzere palibe. Webmail ndalowa, Trash yadzadza ndi ma email akalekale. Password ya cPanel, pomwe amayang'anira ma akaunti a email ndi quota yake, ali nayo amene anawapangira website, ali ku Lilongwe ndipo foni sakuyankha. Ndingokhuthula Trash yonseyo?

Esinati, Salima boma:
Ayi achimwene, chonde musakhuthule musanafunse amene amakhala pa kompyutayo! Pa ofesi ina kuno, mayi wa pa desiki ankasunga makalata ofunika mu Deleted Items, yomwe ndi Trash ya Outlook. Kwa iwo inali faelo ya zimene amaliza kuyankha. Anabwera mnyamata wina kudzakonza printer, n'kuona folda yadzadza, n'kuikhuthula poganiza kuti akuthandiza. Ma quotation ndi ma invoice a chaka chonse anapita, backup kunalibe. Ine anandiitana zitavuta kale ndipo panalibe chomwe ndikanachita. Mayi aja analira pamaso panga. Ndi Shift+Delete yomwe samalani nayo, imalambalala Trash ndipo chapita chapita.

A Phiri, Nkhotakota:
Zonsezi n'chifukwa cha Outlook. Ine makasitomala anga onse ndinawasamutsira ku Thunderbird.

Madalitso, Dwangwa:
A Phiri, ngati vuto ndi quota, server ndi yomweyo. Thunderbird nayo ikakanika chimodzimodzi. Komanso nayo faelo ya msf (mndandanda wa ma email a mu folda) ikawonongeka imafuna Repair Folder, ndipo osapanga compact (kuchotseratu ma email ofufutidwa) malo sabwerera.

Yohane, Chipoka:
Ine ndiwonjezere za OST, faelo imene Outlook imasungamo kopi ya ma email pa kompyuta. Magetsi akathima Outlook ili yotsegula, faelo imeneyi imawonongeka, ndipo chizindikiro chimodzi n'kukana kufufuta kapena kusamutsa email. Onani kukula kwake mu AppData, Local, Microsoft, Outlook. Malire ake ndi 50 GB kuyambira Outlook 2010, kale pa 2003 ndi 2007 anali 20 GB. Mutha kuyendetsa scanpst, pulogalamu yokonzera mafaelo a Outlook, ili mu folda ya Office16, koma tsekani Outlook kaye ndipo koperani faeloyo pa flash. Chachikulu: anthu amakonda kunena kuti ingofufutani OST idzipanganso yokha. Pa IMAP ya Outlook 2013 kupita mtsogolo, ma contact ndi calendar amakhala mu mafolda olembedwa This computer only, ndipo amenewo pa server kulibe. Mukafufuta OST apita. Pangani export ku PST, faelo yosungiramo kopi yapadera, poyamba. Ndipo mukapanga profile yatsopano, ma email onse atsikanso kuchokera pa server. Ngati lojiyo imayendera bundle ya pa router, auzeni a manijala zisanachitike, apo ayi mawa akuimbirani kuti mwawathera data.

A Phiri, Nkhotakota:
Ngati simukufuna Thunderbird, ndiye ikani POP. Ma email atsike pa kompyuta, server ipume, quota yatha nkhani.

Esinati, Salima boma:
POP pa loji? A manijala amaonera ma booking pa foni. Mukapanda kuchonga zoti kopi izitsala pa server, pa foni sadzaona kalikonse, ndipo hard disk ikafa zonse zapita limodzi. Ndinaziona pa sukulu ina ya pulaiveti, kompyuta inapsa ndi mphenzi nthawi ya dzinja.

A Phiri, Nkhotakota:
Backup ndi ya chiyani nanga? Ine POP ndagwiritsa ntchito zaka zambiri.

Yohane, Chipoka:
Backup ndani amapanga tikachoka ife, akulu? Achimwene a Chifundo, kompyutayo ili pa UPS, bokosi la batire loigwiriziza magetsi akathima?

Chifundo, Senga Bay:
UPS ilipo koma batire inafa. Ndikupanga export kaye, ikuchedwa kwambiri.

Madalitso, Dwangwa:
Musaidule pakati. Mwa njira, mabatire a UPS a 12V 7Ah mukuwapeza kuti masiku ano? Kuno ku Dwangwa asowa, ndipo amene ndinagula ulendo watha sanakhalitse.

Yohane, Chipoka:
Ine ndimaitanitsa ku Lilongwe, amabwera pa minibasi. Kuno kunyanja kutentha kumawapha msanga, makamaka UPS ikapanikizidwa pansi pa desiki popanda mpweya.