Masampulo a perefyumu ndi mafuta odzola, ndipange amtundu wanji?

Wongoyamba_Geni:

Moni nonse. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo masabata awiri tsopano. Ndayamba kupanga zodzola zanga, pakadali pano ndili ndi loshoni wa thupi lonse, seramu ya kumaso ya vitamini C, ndi maperefyumu anayi. Anthu akaona zithunzi pa Instagram amayamikira ndithu koma ikafika nkhani yogula aliyense amati "ndikanayesa kaye", ndipo sindingawadandaule chifukwa nanenso sindingagule botolo lonse la fungo lomwe sindinalimvepo. Nde ndaganiza zopanga masampulo.

Vuto ndi loti mitundu yake ndi yambiri, pali timasacheti tong'amba tija, pali timabotolo tagalasi topopera, tina tongotsegula n'kupaka ndi kandodo ka pa chivindikiro, timapepala topoperapo fungo, kenako timabotolo tating'ono tofanana ndi botolo lenilenilo. Ndalama ndili nazo zochepa sindingapange zonse. Maganizo anga anali oti ndingopanga masacheti pa zonse basi kuti ndisavutike, koma mtima ukukana. Amene munadutsamo kale mundithandize chonde, munasankha bwanji, ndipo masampulowo mumapereka ulere kapena mumagulitsa?

MayiWaFungo:

Achemwali, musaike perefyumu mu sacheti chonde. Ine ndagulitsa maperefyumu zaka zambiri ndipo chomwe ndaphunzira ndi choti musanasankhe kachidebe muyambe mwadzifunsa kuti katundu wanuyo amafuna nthawi yaitali bwanji kuti munthu amukhulupirire. Kachidebe kabwere pambuyo.

Perefyumu sanunkhira chimodzimodzi kuyambira pomwe mwapopera mpaka madzulo. Fungo loyamba lija, la mandimu mandimu kapena lozizirira, limauluka pakangotha mphindi ngati 15, kenako kumabwera lapakati la maluwa kapena zokometsera, pomaliza lapansi ngati musk, vanila, sandalwood lomwe limakhala maola ambiri. Munthu amagula chifukwa cha loyamba koma amabweranso chifukwa cha lomaliza. Ndiye kasitomala akuyenera kuvala fungolo tsiku lonse, olo masiku atatu anayi, amve mmene likukhalira pa khungu lake iyeyo, akatuluka thukuta, akakhala pa dzuwa, komanso amve zomwe anzake akumuuza. Sacheti ukang'amba wang'amba, zotsala zimauluka kapena kutayikira m'chikwama.

Pezani timabotolo tagalasi topopera ta 2 ml. Kupopera kamodzi kumatulutsa pafupifupi 0.1 ml, nde kabotolo kamodzi ndi maulendo ngati 20, munthu atha kuvala sabata yonse bwinobwino. Tija topaka ndi kandodo ndi totchipa inde koma ine ndinatisiya, kachivindikiro kake kamalimba munthu akamalimbana nako perefyumu amathera m'zala, komanso fungo lopaka silimwazika ngati lopopera ndiye kasitomala amangoti perefyumu wanu ndi wofooka pamene vuto ndi kabotolo. Ndipo akhale agalasi, mafuta ena a fungo makamaka a mandimu ndi malalanje amadya mitundu ina ya pulasitiki, fungo n'kusintha.

Timapepala tija ndi tabwino koma ntchito yake ndi ina, ndi tosankhira pamene muli naye munthuyo maso ndi maso. Mumupoperere onse anayi pa mapepala, lembani dzina pa kapepala kalikonse, asankhe awiri omwe amusangalatsa, awiriwo ndi omwe apite pa mkono. Musapitirire pamenepo chifukwa mphuno imatopa msanga, ikanunkhiza atatu anayi basi zonse zimangofanana. Akatopa anunkhize mkono wa malaya ake omwe kapena atuluke panja kamphindi.

Wa_Labu:

Ndikugwirizana ndi amayi pamwambapa, ine ndilankhuleko za seramu chifukwa ndi pomwe pandidetsa nkhawa kwambiri.

Vitamini C, makamaka ngati mukugwiritsa ntchito ascorbic acid weniweni, amadana ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Akakumana nazo amasintha mtundu kukhala wachikasu kenako wofiirira, mphamvu n'kutha. Nde mukathira mu timakontena tija totsegula pakamwa ponse, toti munthu azipisamo chala, mwapha katundu wanu nokha, ndipo chala chimabweretsanso tizilombo. Munthu adzati seramu yanu inamutulutsa ziphuphu pomwe inaonongekera m'kakontena. Kabotolo kakhale kakuda kapena kosaonekera mkati, kapakamwa kakang'ono, ngati mungapeze tija ta airless pampu, tapampu tosalowetsa mpweya, ndiye bwino kwambiri.

Chachiwiri, khungu silisintha usiku umodzi. Limatenga pafupifupi masiku 28 kuti lisinthe lokha, kwa achikulire kuposa pamenepo, ndiye sacheti imodzi ya 1 ml singaonetse munthu kuti mabala akuda akuchepa. Chomwe ingamuonetse ndi choti seramuyo ikulowa bwanji pa khungu, ikumata kapena ayi, ikununkhira bwanji, ikuyabwa kapena ayi. Zimenezo ndi zofunikanso, koma mudziwe kuti ndi zomwe mukugulitsa pamenepo ndipo musalonjeze zoposa apo. Ngati mukufuna aone kusintha mupatseni 5 ml mpaka 10 ml, yoti imufikitse masabata awiri kapena kuposa. Ena amapanga masacheti 7 olumikizana, imodzi pa tsiku, ndipo pa vitamini C njira imeneyi ili ndi ubwino wake chifukwa sacheti ya foyilo silowa kuwala kapena mpweya mpaka tsiku lomwe waing'amba.

China chomwe anthu ambiri oyamba amachinyozera ndi lebulo. Sampulo ndi katundu ngati wina aliyense, ikupita pa khungu la munthu. Pakhale dzina, zomwe mwasakanizamo, nambala ya batchi (gulu la katundu lomwe munapanga ulendo umodzi), tsiku lothera ntchito ndi kagwiritsidwe kake. Kabotolo kakachepa lembani pa kakhadi n'kumangirira kapena kulowetsa kabotoloko m'kakhadimo ngati mmene makampani akuluakulu amachitira. Pali anthu omwe thupi lawo limadana ndi zinthu zina za mu fungo monga limonene kapena linalool, ku European Union lamulo limakakamiza kuzitchula pa lebulo zikapitirira mlingo wina wake, ndiye onaninso malamulo a dziko lomwe mukugulitsako. Mulembenso kuti munthu ayambe wapaka pang'ono mkati mwa mkono n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri asanapake kumaso. Nambala ya batchi ija idzakupulumutsani tsiku lina munthu akadzadandaula, mudzadziwa kuti vuto lili mu mphika uti.

Pomaliza, musanaode timabotolo tambiri thirani katundu wanu mu tochepa, ena muike pofunda ena pozizira, ena chagada ena chozondoka, mudikire masabata angapo muone ngati sakudontha kapena kusintha mtundu. Ine ndinalakwitsapo apa, ndinadzaza timabotolo tambirimbiri ndisanayese, zivindikiro zake zinali zosagwira bwino ndipo theka linadonthera m'katoni. Zinandiwawa kwambiri chifukwa inali ntchito ya masiku ambiri.

Achimwene_a_Maketing:

Koma abale masachetiwo musawanyoze kwambiri. Pa loshoni ndi abwino zedi. Loshoni munthu amamuweruza pompo, akapaka amadziwa nthawi yomweyo ngati akulowa, ngati akusiya mafuta pa zovala, ngati madzulo khungu likadali lofewa. Ingoonetsetsani kuti mulimo wokwanira, 2 ml pa thupi lonse ndi yochepa kwambiri munthu amangopaka mkono umodzi watha, ikani olo 7 ml mpaka 10 ml. Sacheti ndi yopepuka, siphwanyika, imalowa mu envulopu, mutha kuiponya mu oda iliyonse. Kuipa kwake, makampani odzaza masacheti nthawi zambiri salola oda yaing'ono, amafuna masauzande ambiri pakamodzi, nde kwa munthu wongoyamba ndalama zimakathera pamenepo ndipo masacheti ena amafika tsiku lothera ntchito ali m'nyumba. Komanso amapangidwa ndi pulasitiki yomatidwa ndi foyilo, sakonzedwanso mosavuta kuti apangire zinthu zina, makasitomala ena masiku ano amafunsa za zimenezi. Ngati simungakwanitse, timachubu tating'ono todzaza nokha tikhoza kugwira ntchito yomweyo.

Pa nkhani ya ulere ine maganizo anga ndi awa, osagawa mwachisawawa. Munthu yemwe sanafune sampulo amangoiponya mu dirowa. Loshoni perekani ulere kwa yemwe wagula kale china chake, ameneyo amakukhulupirirani kale. Estée Lauder, mayi yemwe anayambitsa kampani yaikulu ya zodzola, anatchuka ndi njira imeneyi ya kamphatso ukagula. Ndipo kampani ya zodzola ya Avon inayamba chonchi, David McConnell ankagulitsa mabuku khomo ndi khomo ku America n'kumapereka timaperefyumu ngati nyambo, anaona kuti azimayi akufuna timaperefyumuto kuposa mabukuwo, mu 1886 n'kuyambitsa bizinesi ya maperefyumu yomwe inadzatchedwa California Perfume Company kenako Avon. Ndiye sampulo ili ndi mphamvu, koma ikafika kwa munthu woyenera.

Maperefyumu anu anayiwo muwaike mu kabokosi kamodzi, 2 ml aliyense, muzigulitsa, ndipo muziuza munthu kuti ndalama yomwe walipira pa kabokosiko idzachotsedwa akadzagula botolo lalikulu. Makampani ambiri ang'onoang'ono a perefyumu amachita choncho, amati discovery set. Wolipira amayesadi, ndipo inu simuluza. Anthu kulipira masampulo si zachilendo, Birchbox inayamba mu 2010 ku New York ndi bizinesi yongotumizira anthu bokosi la masampulo mwezi ndi mwezi iwo akulipira.

Wongoyamba_Geni:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso, makamaka za lebulo sindinaziganizire olo pang'ono. Koma ndili ndi mantha amodzi. Ndikapereka 10 ml ya seramu kapena 2 ml ya perefyumu ya sabata yonse, munthu sangomangobwera kudzatenga masampulo osagula botolo? Ndipo timabotolo tija tokongola tofanana ndi lenileni, ta 5 ml, mukuti nditisiye? Ndimatikonda bwanji, ndimaona ngati tingakope anthu pa zithunzi.

MayiWaFungo:

Oterowo alipo mwana wanga, koma ndi ochepa, ndipo mukamagulitsa kabokosi monga anenera achimwenewa vutolo latha chifukwa akulipira. Choopsa kwambiri ndi kupereka kochepetsetsa, munthu n'kuyesa kamodzi osamva kanthu, n'kumauza anzake kuti ndinayesa palibe chachilendo. Ameneyo simudzamuonanso ndipo wakuthamangitsirani ena.

Timabotolo tokongolato musatitaye mumtima koma dikirani kaye. Timadula kupanga, nthawi zina kabotolo ndi chivindikiro chake zimadula kuposa perefyumu ali mkatimo, ndipo anthu ambiri amatisunga pa shelefu ngati chokongoletsa osatsegula n'komwe. Tizidzabwera mukadziwa kuti mwa anayiwo ndi uti akuyenda, mudzatigulitse ngati mphatso kapena ta paulendo. Panopa ndalamayo ipite ku kapopera kabwino ndi kakhadi kosindikizidwa bwino.

Ndaiwala kufunsa, maperefyumu anuwo ndi a spirit kapena a mafuta okhaokha? Ngati ndi a mafuta ndiye kapopera sikagwira bwino, pezani ta roll-on ta 1 ml kapena 2 ml. Ndipo mulembe pa kakhadi ngati ndi eau de toilette kapena eau de parfum, woyambayo mafuta a fungo amakhala ochepa, cha m'ma 5 mpaka 15 peresenti, winayo cha m'ma 15 mpaka 20, nde munthu asayembekezere kuti eau de toilette amufikitsa usiku. Chofunika china, sampulo ichoke mu batchi yomweyo yomwe mukugulitsa, osapanga yamphamvu yokopera anthu ayi, akadzagula botolo n'kupeza kuti ndi losiyana simudzawabwezanso.

Mlongo_Wotumiza:

Ndingoonjezerapo za katumizidwe poti palibe wazitchula. Perefyumu wa spirit amayaka moto, pa malamulo onyamula katundu ali m'gulu la zamadzi zoyaka, nambala yake ndi UN1266, ndiye mapositi ndi makampani ambiri onyamula katundu pa ndege amakana kapena amafuna mapepala apadera olo kabotolo kakhale kakang'ono. Funsani kaye musanalonjeze munthu wakunja kuti mumutumizira. Ine phukusi langa linabwezedwapo chifukwa cha zimenezi, kasitomala anadikira mpaka anatopa. Kwa anthu akutali mutha kupopera kakhadi n'kukatsekera mu kapulasitiki kosalowa mpweya, sizifanana ndi pa khungu, fungo loyamba lija limakhala litachepa, koma munthu amapezako chithunzi cha lapakati ndi lapansi. Makampani akuluakulu amachita zofanana ndi izi m'mamagazini, timapepala tomata tija toti ukamatula fungo limatuluka, mkatimo mumakhala timadontho ta mafuta totsekeredwa tomwe timaphulika ukatsegula, koma zimenezo zimafuna makina ndi oda yaikulu, si za ife ang'onoang'ono.

Loshoni ndi seramu alibe vuto limeneli, ingomatani chivindikiro ndi tepi n'kuika mu kapulasitiki kotseka.

Ndipo chonde muzilemba. Sampulo iliyonse ipite ndi kakodi kake ka disikaunti, ka sacheti kena, ka kabokosi ka perefyumu kena, ka seramu kena, kuti pakatha miyezi iwiri itatu muwerenge kuti mwa anthu omwe analandira ndi angati anabwera kudzagula. Muzitenganso nambala ya munthu ngati walola, wa perefyumu mumufunse pakatha masiku anayi asanu kabotolo kasanathe, wa seramu pakatha masabata awiri. Ine ambiri omwe amagula amagula pa uthenga umenewo, amati "eee ndinali nditaiwala, nditumizireni lija lachiwiri".

Wongoyamba_Geni:

Atatu ndi a spirit, mmodzi ndi wa mafuta amayi, nde ameneyo ndimupezera roll-on. Ndaganiza chonchi, kabokosi ka maperefyumu anayi kogulitsa, loshoni mu timachubu ta 10 ml todzaza ndekha poti masacheti masauzande sindingakwanitse pano, seramu ndiyamba ndayesa kaye timabotolo takuda ta 5 ml kwa mwezi umodzi monga anenera a Wa_Labu ndisanapatse munthu aliyense. A Wa_Labu, poyesapo pofundapo ndi pofunda bwanji, pawindo pofika dzuwa pakwana kapena pakufunika china?

Wa_Labu:

Pawindo mukhala mukuyesa ziwiri pakamodzi, kuwala ndi kutentha, nde chikasintha simudziwa chalakwa ndi chiti. Gawani patatu, ena pawindo, ena pamalo otentha koma amdima, m'malabu amakonda kuika pa madigiri 40 mpaka 45 Celsius, ndipo ena mu fuliji kuti akhale ofananitsira. Sabata iliyonse muzijambula onse atatu pamodzi pa pepala loyera, muzinunkhiza, ndipo ngati muli ndi timapepala toyezera pH (kuchuluka kwa asidi) muziyezanso n'kulemba tsiku lake. Mukaona a pawindo okha ndi omwe achita chikasu ndiye kuti kabotolo kakulowetsa kuwala, musinthe kapena muzikaika m'kabokosi.