Usiku umodzi wokha ku Shanghai: tiyambire kuti?

Wofunsa:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munafikako ku Shanghai, ku China. Mwezi wamawa ndikupita kumeneko pa ntchito, ndipo mayi a kunyumba adzandiperekeza. Masiku onse ndidzakhala wotanganidwa kupatula madzulo a tsiku lomaliza, choncho tili ndi usiku umodzi wokha woti tione mzindawu tili awiri. Mowa sitimwa, koma timakonda nyimbo ndiponso kuyenda mosathamanga. Kodi tiyambire kuti?

Yankho loyamba:
Bambo, musadzivutitse ndi malo ambirimbiri. Dzuwa likamalowa mudzakhale muli pa Bund, m'mbali mwa mtsinje wa Huangpu. Mudzakwere sitima ya pansi pa nthaka ya Line 2, mutsike pa East Nanjing Road, kenako muyende wapansi kulowera kum'mawa mpaka mutaona madzi. Kumbuyo kwanu kudzakhala nyumba zakale zamiyala, monga Customs House ya mu 1927 yokhala ndi wotchi yaikulu, pamene kutsidya, ku Lujiazui, kuli Oriental Pearl Tower yotalika mamita 468 ndi Shanghai Tower yotalika mamita 632.

Chimene ndikukulimbikitsani kwambiri n'chakuti muwoloke mtsinjewo pa boti wamba amene amanyamuka pafupi ndi Jinling East Road kupita ku Dongchang Road. Mtengo wake ndi mayuan awiri okha. Ine ndi akazi anga tinaima kunja, mphepo ikuwomba mpango wawo, kuwala kofiira ndi kobiriwira kukugwedezeka pamadzi, ndipo mphindi zochepa zimenezo ndi zimene timakambabe mpaka lero. Musachedwe, chifukwa magetsi okongoletsa nyumbazo amazimitsidwa cha m'ma 10 koloko usiku, ngakhale kuti nyengo yotentha amapitirirako pang'ono.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana ndi abambowa, koma aiwala kuti munthu sasirira magetsi ali ndi njala. Mudzayambire ku msika wozungulira munda wakale wa Yu Garden, umene suli kutali ndi Bund. Munda weniweniwo amatseka kusanade, koma nyumba za pamsikapo, za madenga opindikira m'mwamba, zimawala bwino madzulo. Mudzalaweko xiaolongbao, timipira ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama ndi msuzi m'kati. Mudzaike kamodzi pa supuni, mubowole pang'ono ndi mano, muyambe mwamwa msuziwo. Ine ndinaponya kathunthu m'kamwa, ndipo lilime linawawa masiku awiri. Zokwera pamalo oonera a pansanjika ya 118 ya Shanghai Tower mudzachite pokhapokha kumwamba kuli koyera, popeza kukachita nkhungu mudzangoona mtambo pagalasi.

Yankho lachitatu:
Popeza mwatchula nyimbo, achimwene, usikuwo mudzamalizire ku Peace Hotel, imene inatsegulidwa mu 1929 ndipo ili pamene Nanjing Road imathera pa Bund. M'katimo muli bala imene gulu la azibambo achikulire limaimba jazz, ndipo mukhoza kuitanitsa chakumwa chosaledzeretsa popanda wokudabwani. Mitengo ndi yokwera, komanso ndi bwino kusungitsiratu malo.

Musananyamuke mudzaike Alipay kapena WeChat Pay pafoni ndi kulumikiza khadi yanu ya kubanki, chifukwa pafupifupi aliyense kumeneko amalipira ndi foni. Sitima zambiri zimaleka kuyenda cha m'ma 11 koloko, choncho pobwerera mudzaitane galimoto pa Didi, pulogalamu ya pafoni yoitanira matakisi, ndipo dzina la hotela yanu likhale lolembedwa m'Chitchaina. Pa Nanjing Road munthu wosamudziwa akakuitanirani kukamwa tiyi mudzakane mwaulemu, pakuti alendo ambiri amalipiritsidwa ndalama zochuluka mwa njira imeneyi.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Mayi awerenga mayankho anu, ndipo anena kuti nsanja ikhoza kutsala, koma boti ndi jazz zisalephereke.