Thandizeni: object ikukana kusanduka array mu PHP, mwini ntchito sakundigoneka tulo

Wofunsa: Abale, zandivuta. Ndikukonzera sitolo ina ya zitsulo kasisitemu kolembera katundu, ndipo mwini wake akufuna CSV (fayilo ya mndandanda wa katunduyo) pofika Lachisanu. Ndalama anangondipatsa theka, koma foni amaimba mpaka usiku. Kuno magetsi akungothimathima, batire ya laputopu inafa kalekale. Amene anaiyamba ntchitoyi anachoka osasiya ngakhale ndemanga imodzi mu code. Ndikalemba $katundu['dzina'] ikundiyankha kuti "Cannot use object of type Katundu as array". Ndinayesa (array) $katundu, error ija inatha, koma tsopano ikuti key ya dzina kulibe, pomwe ndikachita print_r dzinalo ndikuliona ndi maso angawa. Ndipange bwanji?

Mkulu wa Backend: Nkhani yaing'ono iyi. json_decode(json_encode($katundu), true) basi. Musaiwale true uja, ndi amene amabweretsa array m'malo mwa stdClass. Njirayi imalowa mpaka mu object zamkati, pomwe (array) imangogwira pamwamba pokha. Wina aliyense akuuzani zina akungokutayitsani nthawi.

Nachisale: Achimwene, tionetseni kaye class ya Katundu. Ma property ake ndi public kapena private? PHP yanji? Popanda zimenezo tonse tikungolota.

Wa ku Ndirande: Inu mukudandaula theka? Ine wina ndinamupangira website yonse, iye n'kusintha password, mpaka lero kuli ziii. Musapereke code asanamalize kulipira. Ndanena ndanenanso.

Nachisale: A Mkulu, njira yanuyo ikhoza kumupweteka mnyamatayu. json_encode imangotenga ma property a public. Ngati onse ali private, atuluka ndi array yopanda kanthu, error osaoneka. Komanso dzina la katundu likakhala ndi zilembo zosakhala UTF-8, json_encode imabweza false mwakachetechete, pokhapokha mutaika JSON_THROW_ON_ERROR, yomwe inabwera mu PHP 7.3.

Mkulu wa Backend: Mayi, ine njirayi ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, sinandigwetsepo. Munthu ali ndi Lachisanu pakhosi, inu mukumupatsa phunziro la kalasi. Ndipo vuto lenileni ndi lolemba PHP yosaphika. Akanakhala pa Laravel, framework ya PHP ija, akanangoti ->toArray() n'kukagona.

Kamnyamata ka JS: Bwerani ku JavaScript akulu, kuno Object.entries() yatha nkhani 😂

Mkulu wa Backend: Iwe khala chete, akulu akulankhula. Nonse mumathawa PHP chifukwa simuidziwa.

Phiri wa ma Server: Zimene wanena zoti print_r ikuonetsa dzina koma key kulibe, ndi chizindikiro cha private kapena protected. Ukachita (array), PHP imasintha key: ya private imakhala null byte, dzina la class, null byte ina, kenako dzina la property. Ya protected imakhala ndi nyenyezi pakati pa ma null byte awiriwo. Null byte sioneka pa sikirini, n'chifukwa chake ukuganiza kuti maso akukunamiza. Chita var_export((array) $katundu), uona \0 poyera. Chothetsera: mkati mwa class lemba method ya toArray() yobweza get_object_vars($this). Ukaiitana kunja kwa class, get_object_vars imaona za public zokha, ndiye iyenera kukhala mkatimo.

Wa ku Ndirande: Ndipo mufunse ngati server yawo siili pa PHP 5.6. Ya kasitomala wanga uja inali pomwepo, chonsecho PHP 5.6 inasiya kukonzedwa kumapeto kwa 2018.

Nachisale: Ngati katunduyo akuchokera mu database, bwanji osangoika PDO::FETCH_ASSOC potenga mizere? Ikubwera ili array kale, n'kuiponya mu fputcsv.

Mkulu wa Backend: Zonsezo ndi mizere khumi. Yanga ndi mzere umodzi. Yesani yanga kaye, mubwere mudzandithokoze.

Wofunsa: Zikomo nonse. A Mkulu, ndayesa yanu, yabwera Array ( ) yopanda kalikonse. Mwini sitolo waimbanso, akuti ndiwonjezere mitengo ya simenti. Ndiyesenso chani?

Nachisale: Class ija, achimwene. Tionetseni class. Ndipo werengani zimene alemba a Phiri pamwambapa.