Za buledi wosafufuma uja

Abale, mwezi watha ndinafunsa kuti ndingatani kuti ndisiye kupupuluma zinthu zikavuta kuntchito. Kubekale kwathu ku Mayfair kuno ku Joni buledi anasiya kufufuma bwino, abwana ankakalipa, ine n'kumangoloza chala yisiti ndi mnyamata wokanda ufa.

Achimwene ena a ku Rosettenville anandiuza njira ya kukampani ya Toyota ku Japan, imene Taiichi Ohno ankaphunzitsa: kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu musanagamule. Poyamba ndinaseka, ndinkati ndi zamuofesi zimenezo. Koma ndinagula kabuku ka R10 n'kuyamba kulemba.

Buledi sakufufuma chifukwa chiyani? Yisiti sakugwira msanga. Bwanji? Mtanda ukuzizira. Bwanji? Madzi a pampopi 4 koloko m'mawa mu June kuno ku Joni amaluma zala. Nanga kale tinkatani? Tinkatunga ofunda ku giza, thanki yotenthetsa madzi ndi magetsi. Ndiye giza yatani? Abwana anaiika pa timer kuti apulumutse magetsi, imayaka 6 koloko, ife titakanda kale!

Yisiti amafuna madzi ofunda, cha m'ma 35 digiri. Otentha kwambiri amamupha, ozizira amamugoneka. Tinasintha timer, tinagulanso thermometer, mawa lake mathireyi anatuluka otumphuka bwino.

Chimene chandivuta kwambiri si mafunsowo ayi, koma kutseka pakamwa pamene mtima ukuti ndadziwa kale wolakwa. Mnyamata uja ndinamupepesa, ndinamugulira kota, buledi woikamo tchipisi ndi polony. Anangoti, "Bambo, ine ndinanena za madzi sabata yoyamba ija, simunamve."